Windows 10 yasiyidwa, koma ku Kopala ikadali pantchito

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kutumiza ma update aulere a Windows 10. Ku Kitwe ndi ku Ndola tsikulo linangodutsa. Ana a ku Chimwemwe ndi ku Chifubu analemba ntchito zawo za kusukulu, ogulitsa anasindikiza malisiti, palibe kompyuta inazima. Vuto lagona pomwepo, chifukwa kompyuta imene yasiya kulandira ma update imayaka bwinobwino, mwini wake osadziwa kuti yatsala pambalambanda.

Update ndi kapulogalamu kotseka zibowo zomwe zapezeka mkati mwa Windows, zimene mbava za pa intaneti zimalowerapo. Microsoft imatulutsa zotsekerazi mwezi uliwonse, ndipo ikangolengeza chibowo, mbavazo nazo zimadziwa pamene chili. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inamanga makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Chotsekera chibowo chake chinali chitatuluka kale mu Malichi, koma ambiri anali asanachiike. Kuno ku Zambia gulu la mbava za pa intaneti lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta a Bank of Zambia mu Meyi 2022.

Kunena kuti anthu a ku Kopala amakana ma update chifukwa cha umbuli ndi kuwalakwira. Nyumba zambiri zimalumikiza laputopu ku foni ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo update yaikulu imodzi imameza magigabaiti angapo. Bandulo yoti ithe sabata imatha usiku umodzi, mayi n'kudzuka m'mawa WhatsApp yasiya kuyenda. Ndani angaikonde kompyuta yotero?

Kenaka pali malaiti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 17 patsiku, nthawi zina kuposa apo. Laputopu zambiri za salaula mabatire ake anatha kalekale, ndipo kompyuta ikazima update ili pakati imatha kukana kuyakanso. Amene zinamuchitikira kamodzi salolanso. Okonza makompyuta ena m'tauni amangotsekeratu ma update onse kuti kasitomala asabwerere ndi dandaulo. Amamupulumutsa pa bandulo, n'kumusiya poyera pa zina zonse, ngakhale kuti pa makina omwewo ndi pamene amatsegula imelo ndi akaunti ya kubanki.

Njira yapakati ilipo. Mu Windows muli malo otchedwa metered connection. Ukatsegula pamenepo, kompyuta imasiya kukoka zinthu zikuluzikulu yokha, iwe n'kumasankha nthawi. Ena amadikira bandulo yausiku, ena amanyamula laputopu kupita nayo kumene kuli Wi-Fi, monga kuntchito kapena kusukulu. Ntchito yoika update ndi yoyamba magetsi akangobwera, osati atatsala pang'ono kupita. Chrome ndi Firefox nazonso zimafuna ma update ake, ndipo izi sizidya bandulo kwambiri.

Koma za Windows 10 sizithera pamenepo. Microsoft inapereka chaka chimodzi chowonjezera cha ma update, mpaka pa 13 Okutobala 2026, kwa okhawo olembetsa pa ndondomeko yotchedwa ESU. Kusamukira ku Windows 11 n'kwaulere, koma imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita kutsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. Laputopu zambiri zimene maofesi akunja anataya, zomwe lero zili pamashelefu pafupi ndi msika wa Chisokone, n'zakale kuposa apo. Si zakufa ayi. Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe n'zaulere, zimayenda bwino pa makina oterewa ndipo zimalandirabe ma update. Wophunzira zamakompyuta pa Copperbelt University ku Riverside angakuikireni masana amodzi. Chovuta n'chakuti Microsoft Office siyenda pamenepo, muyenera kuzolowera LibreOffice.

Ogulitsa ambiri sanena zimenezi, ndipo ine ndimati kubisa m'badwo wa laputopu masiku ano n'kubera munthu. Wogula ayang'ane yekha dzina la purosesa asanatulutse ndalama. Pa i5-8250U, nambala 8 yotsatira kamzereko ikutanthauza m'badwo wa 8, ndipo Windows 11 ilowa. Pa i5-6200U siloledwa, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anaikakamiza ikuyenda.