Dzala Lokwiriridwa ndi Dzala Losiyidwa Poyera: Love Canal ndi Kabwe

Kuno ku Mwami dzala likadzaza timalikwirira ndi dothi n'kukumba lina chapatali pang'ono. Mvula ikagwa zaka ziwiri, mayi wa pakhomo amabzalapo nthochi kapena maungu, poti aliyense amadziwa kuti chomera cha padzala chimanenepa. Nzeru imeneyi inali yoona pamene m'dzala munkalowa phulusa, makoko a mtedza, zitsononkho ndi gaga wovunda. Masiku ano mumalowanso mabatire a tochi, batire ya sola yotha mphamvu, mapulasitiki ndi mabotolo a mankhwala opopera thonje ndi fodya. Dothi limabisa zonsezi, koma sikuti limagaya zonse.

Nanga malo otayirapo zinthu zapoizoni amachira liti, ndipo woyenera kunena kuti achira ndani? Boma la America lili ndi mndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri, wotchedwa National Priorities List, womwe amausunga ndi a bungwe loona zachilengedwe la EPA. Pamndandandawo pali malo opitirira 1,300, ndipo ena opitirira 400 anafufutidwapo atakonzedwa. Mwa ofufutidwawo, otchuka kwambiri ndi Love Canal. Kwathu ku Zambia, nkhani ya poizoni wa m'nthaka ikatchulidwa, dzina lobwera msanga ndi Kabwe. Malo awiriwa safanana pa zonse, komabe ukawaika pamodzi umaona bwino chimene chimachititsa kuti dzina lifufutidwe moona mtima.

Love Canal ili mumzinda wa Niagara Falls, m'dera la New York. Inali ngalande imene William T. Love anayamba kukumba m'ma 1890, ndalama n'kumuthera asanamalize. Kuchokera mu 1942 mpaka 1953 kampani ya Hooker Chemical inatayamo zinyalala za mankhwala zoposa matani 21,000. Dzenjelo litadzaza analikwirira, ndipo mu 1953 anagulitsa malowo kwa akuluakulu a zamaphunziro mumzindawo pa mtengo wa dola imodzi. M'kalata yogulitsira munali chenjezo lakuti pansipo pali mankhwala. Sukulu inamangidwabe, inatsegulidwa mu 1955, ndipo nyumba zinazungulira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunagwa mvula yambiri ndi chipale chofewa, madzi apansi anakwera, zobisika zija n'kuyamba kutumphukira m'mabwalo ndi m'zipinda zapansi pa nyumba. Ana ankapsa khungu posewera. Amayi ambiri ankadandaula za kupita padera.

Amene anaimirira anali mayi wapakhomo, Lois Gibbs, yemwe mwana wake ankaphunzira pasukulupo. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa anzake zimene zikuwavuta mpaka boma linamva. Mu Ogasiti 1978 Pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti pamalopo pagwa tsoka, ndipo pomaliza mabanja pafupifupi 950 anasamutsidwa. Mu Disembala 1980 nyumba ya malamulo inabala lamulo lodziwika ndi dzina lakuti Superfund. Mutu wake ndi umene makolo athu ananena kale, kuti choipa chitsata mwini: wotaya poizoni ndiye alipire, ngakhale anataya lamulolo lisanabwere. Love Canal inalowa pamndandanda mu 1983, ndipo mu 1995 kampani ya Occidental, imene inagula Hooker, inavomera kubwezera boma madola 129 miliyoni.

Mu Seputembala 2004 dzina la Love Canal linafufutidwa. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka, poganiza kuti kufufuta dzina ndiye kuti poizoni anachotsedwa. Sanachotsedwe. Mankhwala aja ali pomwepo mpaka lero. Chimene anachita ndi kuwatsekera: pamwamba anaika dongo lokhuthala ndi chinsalu cha pulasitiki chosalowa madzi pa maekala 40, mozungulira anakumba ngalande zapansi zogwira madzi ochucha m'dzalamo, n'kumanga makina oyeretsa madziwo ndi zitsime zoyezera. Malo onse, maekala 70, ali mumpanda. Kufufuta dzina kunangotanthauza kuti ntchito zonse zimene zinalembedwa kuti zichitike zachitika, ndipo chotsala ndi ulonda.

Ulondawo ndiwo umandikopa mtima. Dzina lisanafufutidwe, boma la dera limene malowo ali liyenera kuvomera, chilengezo chimasindikizidwa, ndipo anthu amapatsidwa masiku 30 oti anene maganizo awo. Likafufutidwa, ngati poizoni watsala pansi, akatswiri amabwerako zaka zisanu zilizonse kudzaona ngati chotsekera chikugwirabe ntchito. Zikapezeka kuti zinthu zaipanso, malowo atha kubwezeredwa pamndandanda. Woyendetsa makina aja ndi kampani ya m'banja la Occidental, osati wokhoma msonkho.

Sindikunena kuti zonse zinayenda bwino. Lois Gibbs yemweyo anatsutsa kufufutako, ponena kuti malo okhala ndi matani 21,000 a mankhwala sangatchedwe oyera. Nyumba za chakumpoto kwa mpanda zinakonzedwa n'kugulitsidwanso, dera n'kupatsidwa dzina latsopano lakuti Black Creek Village. Mu 2011 anthu okonza mapaipi a zonyansa chapafupi anapeza mankhwala m'nthaka, ndipo ena mwa okhala kumeneko anakasuma kukhoti. Ine ndimaona kuti mayi Gibbs ali ndi mfundo. Dzina likachoka pamndandanda, wogula nyumba amamva ngati wauzidwa kuti gona tulo, chikhalirecho chimene wauzidwa n'chakuti chilombo chili mukhola ndipo mlonda alipo.

Tsopano tibwere kwathu. Mgodi wa Broken Hill, womwe ndi Kabwe wa lero, unatulutsa mtovu ndi zinki kuchokera mu 1906 mpaka 1994 pamene a kampani ya migodi ya boma, ZCCM, anautseka. Amuna ambiri a kuno ku Fort Jameson, Chipata wa lero, anakagwirako ntchito, ndipo zidzukulu zawo zina zili komweko, choncho nkhaniyi si ya alendo. Kwa zaka zambirimbiri ng'anjo yosungunulira miyala inkathira utsi wa mtovu pa makomboni oyandikana nawo. Mgodi utatsekedwa panatsala milu ya zinyalala yoposa matani 6 miliyoni, yomwe anthu amaitcha Black Mountain. Palibe anaikwirira. Mphepo ya chilimwe imanyamula fumbi lake n'kukalisiya ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe wa Nsofu, pabwalo pamene khanda likukwawa ndi pathandala pamene mbale zauma. Ngalande nakonso ilipo, imene inkachotsa madzi a mumgodi kudutsa m'makomboni, ndipo dzinja likafika imasefukira n'kumwaza matope ake m'makomo.

Mtovu suwola. Mankhwala ena amatha mphamvu pang'onopang'ono, koma uwu ndi chitsulo, umakhala m'nthaka mibadwo ndi mibadwo. Ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo umene ukukula, mwanayo n'kumavutika kugwira za m'kalasi, kuchepa magazi, mwinanso kukomoka. Mayi woyembekezera amapatsira mwana wa m'mimba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtovu ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, pafunika kufufuza kumene ukuchokera n'kuutsekereza. Kafukufuku wa akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University ku Japan, wotuluka mu 2015, anapeza kuti ana onse amene anayezedwa ku Chowa, Kasanda ndi Makululu anapitirira muyeso umenewo, ambiri mpaka kudutsa 45, pamene mwana amafunika mankhwala otulutsa mtovu m'magazi.

Kabwe naye ali pa mindandanda, koma ya mtundu wina. Bungwe la Blacksmith Institute la ku New York, lomwe tsopano ndi Pure Earth, linaika Kabwe pakati pa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko lonse mu 2007 ndi 2013. Mu 2022 katswiri wa United Nations woona za ufulu wa anthu ndi chilengedwe anatchula Kabwe pakati pa malo amene anthu ake anaperekedwa nsembe chifukwa cha phindu. Mindandanda yotere imachititsa manyazi, ndipo manyaziwo athandiza kuti dziko litembenuke, koma siikakamiza munthu kutulutsa ndalama ndipo ilibe khomo lotulukira. Wa ku America uja uli ndi khomo lolowera, mwini ngongole, muyeso wa ntchito ndi khomo lotulukira.

Kungakhale kunama kunena kuti ku Kabwe sikunachitike kanthu. Pulojekiti ya Copperbelt Environment Project inagwira ntchito kuyambira 2003 mpaka 2011 ndi ndalama za World Bank. Mu 2016 banki yomweyo inavomereza madola 65.6 miliyoni a pulojekiti ina, ZMERIP, imene inayeza ana ambiri, kuwapatsa mankhwala, kukonza mabwalo a nyumba zina ndi masukulu, ndiponso ngalande ija. Kholo limene mwana wake analandira mankhwalawo silingapeputse ntchitoyi, ndipo ine sindiipeputsa. Vuto ndi kumene ntchito inayambira. Ku Love Canal anayamba ndi gwero: kuchotsa anthu, kutsekera dzala, kenako kuyeretsa timitsinje ndi mapaipi. Ku Kabwe tasesa mabwalo phiri la fumbi lili chiimire. Mwana amachira kuchipatala n'kubwerera kubwalo lomwe lija, ndipo dothi latsopano limene anathira pakhomo limaphimbidwanso ndi fumbi la chilimwe chotsatira. A Human Rights Watch ananena zimenezi mu 2019, ndipo mu 2025 anaonjeza kuti kufukula ndi kututa zinyalalazo pofuna zitsulo zotsalamo kukumwaza fumbi m'madera ena a tauniyo.

Pamenepa pali kusiyana kumene tiyenera kukuvomereza mwachilungamo. Zinyalala za ku Love Canal zinalibe wozifuna. Za ku Kabwe zili ndi mtengo, muli zinki ndi mtovu, ndipo mnyamata wosowa ntchito amakumba kumeneko kuti ana adye. Kumuuza kuti phirilo tikwirira popanda kumuonetsa kwina kopezera chakudya ndi kulankhula ndi mphepo. Komanso mabanja 950 utha kuwasamutsa ngati uli boma la America, koma makomboni a Kabwe ali ndi anthu masauzande ambirimbiri, ndipo thumba la boma lathu tikulidziwa. Poizoni wa ku Love Canal anali m'dzenje limodzi lodziwika malire ake, wa ku Kabwe anagwa kuchokera mumlengalenga pa tauni yonse.

Nanga wolipira? Apa ndiye mtima umandiwawa. Lamulo lathu la zachilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limanenanso kuti woipitsa ndiye alipire. Koma mgodi unadutsa m'manja ambiri. Anglo American inali ndi gawo pamgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974, kenako unakhala m'manja mwa boma mpaka kutsekedwa. Mu Okutobala 2020 maloya anakasumira Anglo American ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Kampaniyo imakana mlandu, imati sinali mwini mgodi kapena wouyendetsa. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo mu 2024 odandaulawo analoledwa kuchita apilo. Kaya khoti ligamule bwanji, ndalama zokonzera zimene zafika mpaka pano zambiri ndi ngongole, ndipo ngongole amabweza ndi wokhoma msonkho, kuphatikizapo kholo la mwana wodwalayo. Ku Love Canal choipa chinatsata mwini patapita zaka 17 chilengezedwereni tsoka. Ku Kabwe papita zaka zoposa 30 chitsekereni mgodi.

Ndikaika ziwirizi pa sikelo, ndimaona kuti kufufuta kwa ku America, ngakhale kuli ndi zilema zake, n'kodalirika chifukwa munthu wamba atha kufunsa kuti munayeza chiyani, munapeza zingati, mudzabweranso liti, n'kupatsidwa yankho lolembedwa. Tsiku limene wina adzaimirire kunena kuti Kabwe wachira, adzayenera kutionetsa phiri lotsekeredwa, nthaka yoyezedwa komboni ndi komboni, ndi magazi a ana obadwa ntchitoyo itatha. Kutha kwa pulojekiti sikutha kwa mtovu.

Madzala athu a kuno si Love Canal, ndiponso si Kabwe, ndipo sindifuna kuopseza munthu. Komabe Chipata anakhala mzinda mu 2017, chipata chatsopano cha malire cha Mwami ndi Mchinji chinatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo aliyense woyenda pamsewu wochokera m'tauni kupita kumalire akuona mmene mapuloti akudyera minda. Malo amene dzulo anali kutchire kotayirako zinyalala, mawa adzakhala pakhomo pa munthu wokumba chitsime chake. Tsoka la Love Canal linayamba chimodzimodzi, dzenje lokwiriridwa bwino n'kugulitsidwa kuti pamangidwe sukulu. Batire ya galimoto kapena ya sola imene mnyamata akuiswa kuseri kwa golosale ili ndi mtovu womwewo wa ku Kabwe.

Lamulo la zinyalala la 2018 linaika udindo wosamalira zinyalala m'manja mwa makhonsolo. Pempho langa kwa a khonsolo ya Chipata, mafumu athu ndi nduna zawo ndi lotchipa: dzala lililonse lalikulu likatsekedwa lilembedwe m'buku ndi pamapu, malire ake aikidwe zizindikiro, madzi a m'zitsime zoyandikana nalo ayezedwe, ndipo pasagawidwe puloti ya nyumba kapena sukulu asanayeze nthaka. Inunso owerenga, musanapereke ndalama ya puloti, pitani kwa agogo amene akhala pamalopo nthawi yaitali mukawafunse chimene chinkatayidwa pamenepo.