Nkhuku Zisanu Kuseri kwa Nyumba: Malangizo kwa Mabanja a ku Chilenje

Chilala sichithera kumunda ai. Chimafikanso m'tauni, ndipo chimalowera pa thumba la unga. Akuluakulu a ku Chilenje akukumbukira chaka cha 1992, pamene mvula inakana ndipo anthu anadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Zinabweranso mu 2024. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, pakuti pafupifupi theka la minda ya chimanga linapserera. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anali kuzima nthawi zina maola oposa 20 pa tsiku, ndipo ntchito za ometa ndi owotcherera zitsulo zinaima. Achibale a kumudzi, amene kale anali kutumiza chimanga, ndiwo anayamba kupempha.

Banja likatuluka m'nyengo yotere limafuna poyambira. Ng'ombe kapena mbuzi sizingakhale pa yadi ya ku Chilenje, Libala kapena Kabwata, koma nkhuku ingathe. Imadya zochepa, imaswana msanga, ndipo tsiku la vuto simusowa woigula. Komabe ambiri ayesa nalephera, chifukwa khola lonse linatha m'sabata imodzi. Tsamba ili lifotokoza m'mene mungapewere zimenezo.

YAMBANI NDI ZOCHEPA

Nkhuku zoyera za mabroila zimakula m'masabata 6, koma zimafuna ndalama zambiri poyamba: anapiye ogula, matumba a chakudya cha kusitolo, ndi moto wa magetsi kapena mbaula usiku wonse. Ndalama zikathera pakati, zonse zatayika. Banja limene likungodzuka kumene liyambe ndi nkhuku za kumudzi: misoti kapena matadzi 5 ndi tambala mmodzi. Tambala mmodzi amakwanira matadzi 10.

Gulani kwa munthu amene khola lake mwaliona ndi maso anu. Pa msika, monga ku Soweto, nkhuku za m'madera ambiri zimakhala m'chikwere chimodzi ndipo zimapatsana matenda. Sankhani ya maso owala, ya nthenga zosalala, yopanda chitosi chomatirira kumbuyo. Ngati nyumba ndi ya lendi, yambani mwapempha eni ake.

KHOLA

Mayadi ambiri a ku Chilenje ndi aang'ono, ndipo chiyambire pamene nyumba za kaunsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996 ambiri anamanga zipinda zina kumbuyo. Chotero nkhuku sizingangoyendayenda monga kumudzi. Mangani khola la m'mwamba, lotalika mita imodzi kuchokera pansi, ndi kampanda ka waya pozungulira. Khola la mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali likwanira nkhuku 6. Likhale losadontha, lopita mphepo, lotsekeka ndi loko, pakuti adani ndi ambiri: makoswe, amphaka, agalu, akhwangwala ndiponso akuba.

Sesani kawiri pa sabata ndi kuwazamo phulusa. Ikaninso beseni lakale la phulusa ndi mchenga kuti nkhuku zizisambamo. Zimenezi zimachepetsa utitiri. Khola litalikire khitchini, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukagwira nkhuku. Lamulo la zaumoyo limaletsa kusunga ziweto mwa njira yodzetsa fungo ndi ntchentche kwa anansi. Musadane ndi mnzanu wa pafupi chifukwa cha chitosi.

CHAKUDYA

Nkhuku yaikulu yosatuluka m'mpanda imadya pafupifupi magalamu 100 pa tsiku, ndiwo manja awiri. Gaga yekha amakhutitsa koma sakulitsa, ndipo thadzi lodya gaga yekha limaikira mazira ochepa. Sakanizani motere:

1. Makapu 3 a gaga kapena misere ya kuchigayo.
2. Kapu imodzi ya soya wokazinga ndi kusinja, kapena fumbi la kapenta limene ogulitsa amasesa pansi pa thumba. Soya wosakazinga amavuta m'mimba ndipo amapinimbiritsa anapiye.
3. Supuni imodzi ya zikhokhombe za mazira zowotcha ndi kuzisinja, kuti mazira akhale olimba.
4. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri.

Onjezani makombo a nsima, masamba otsala a repu, chibwabwa, kalembula ndi bondwe, ndiponso mango kapena magwafa ogwa pansi. Chiswe ndi chakudya chabwino kwa anapiye.

Chenjerani ndi gaga wachuku. Mu Ogasiti 2024 boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amaononga chiwindi cha nkhuku ndi cha munthu yemwe, ndipo kuphika sikumuchotsa. Gaga wonunkha chinyezi kapena woumbana mutaye. Madzi oyera asasowe: nkhuku imodzi imamwa kapu yathunthu pa tsiku, ndipo mu Okutobala imaposa pamenepo.

CHITOPA

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Chitopa, chimene ena amati chideru ndipo madokotala a ziweto amati Newcastle, chingathe kupha khola lonse m'masiku ochepa. Chimavuta kwambiri m'nyengo yotentha, kuyambira Seputembala kufikira Novembala. Nkhuku yodwala imazyolika, mapiko amagwa ngati yavala jekete, imapuma movutika, chitosi chimakhala chobiriwira, ndipo ina imapotokola khosi.

Matendawa amayenda m'chitosi, m'mamina ndi m'mpweya wa nkhuku yodwala. Amayendanso pa nsapato, pa zikwere ndi pa nthenga za nkhuku yophedwa. Nkhuku imene mlendo wabwera nayo kuchokera ku Chipata kapena ku Petauke ingaoneke yamoyo koma ili nacho kale. Nkhuku iliyonse yatsopano ikhale payokha masiku 14 isanasakanizidwe ndi zinzake.

Chitopa chilibe mankhwala. Makapisozi, tsabola kapena madzi a khonje sizichiritsa. Njira ndi imodzi: katemera, nkhuku zisanadwale. Pali mitundu iwiri yodziwika. Wotchedwa La Sota amapezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto ndipo ayenera kukhala m'firiji nthawi zonse. Mukagula, nyamulani m'fulasiki ya ayisi, ndipo funsani ngati firiji ya sitoloyo sizima magetsi akapita. Wotchedwa I-2 unapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia kuti uthandize alimi opanda firiji, ndipo umapirira kutentha kwa kanthawi. Funsani ku ofesi ya za ziweto ya boma la Lusaka kumene ungapezeke.

Potemera kumbukirani izi:

1. Dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe. Dikirani iphethire musanaitaye.
2. Chitani m'mamawa, pa mthunzi. Dzuwa limapha katemera.
3. Ngati mupereka m'madzi akumwa, madziwo asakhale ndi klorini. Madzi a pampopi ali naye, ndipo ambiri tinazolowera kuthira klorini m'zigubu pa kolera ya mu 2023 ndi 2024. Klorini amateteza anthu koma amapha katemera. Nkhuku zimalize madziwo m'maola awiri.
4. Musatemere nkhuku zodwala kale. Chitetezo chimayamba patapita sabata imodzi kapena awiri.
5. Bwerezani miyezi inayi iliyonse: Malichi, Julaye ndi Novembala. Wa mu Julaye musauphonye, chifukwa ndiwo umatchinga nyengo yoopsa ija.

Botolo limodzi limakhala la nkhuku 100 kapena kuposa, ndipo likatsegulidwa silisungika. Banja la nkhuku 6 silingalimalize. Mutu umodzi susenza denga: mabanja 10 kapena 15 a m'dera limodzi la mpingo, kapena amai a Chigwirizano, asonkhe ndalama, asankhe tsiku limodzi ndi anthu awiri oyenda khomo ndi khomo. Itananinso anansi osakhala a mpingo wanu, pakuti nkhuku yosatemera ya kuseri kwa mpanda ndiyo idzabweretsa matenda. Otemerawo asambe m'manja ndi kupukuta nsapato pochoka pa khomo lililonse.

Nkhuku ikafa ndi matenda, ikwirireni m'dzenje lakuya kapena itentheni. Musaidye, musaigulitse, musaiponye m'ngalande.

ANAPIYE

Thadzi la kumudzi limaikira mazira 10 kufikira 15 ndipo limafungatira masiku 21. Lisiyireni mazira 10 okha, atsopano ndi osang'aluka, otsalawo adyedwe. Anapiye ambiri amafa m'masabata 6 oyamba chifukwa cha kuzizira, akhwangwala ndi kumira m'madzi. Asungeni pamodzi ndi make m'dengu lalikulu lovundikira kapena m'kachipinda ka waya, apatseni chakudya chosinjidwa bwino, ndipo ikani timiyala m'mbale ya madzi. Ngati thadzi lililonse lilera anapiye 5 okha katatu pa chaka, matadzi 5 adzakupatsani nkhuku 75.

KUDYA NDI KUGULITSA

Mazira oyamba akhale a ana ndi amai apakati. Zonena kuti dzira limadwalitsa mwana kapena kuvutitsa pobereka si zoona. Dzira lophikidwa bwino limamanga thupi. Nkhuku ya kumudzi imafika pogulitsa ili ndi miyezi 5 kapena 6, ndipo ku Woodlands ndi ku Kabulonga ogula amaifuna ndi kulipira bwino kuposa yoyera. Yambani kugulitsa atambala, makamaka pa Khrisimasi, kuti ndalama za yunifomu ndi mabuku a mu Januwale zipezeke. Matadzi oikira bwino musawagulitse, ngakhale vuto lithine. Amenewo ndiwo mbeu yanu. Chitosi chiunjikeni chiwole miyezi iwiri, kenaka chithireni pa kadimba ka repu.

Lembani m'kabuku tsiku la katemera, zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa. Ndipo misoti yoyamba ikakula, patsaniko banja lina la m'dera lanu limene lilibe poyambira, kuti nalonso lilowe m'gulu la katemera wa mwezi wotsatira.