Mpunga wogona umene unandibwezera ku Biology

Ndili Fomu 4 ndinkadana nayo Biology. Nditasankha zokaphunzira kuphika ndi kusamalira alendo, mumtima ndinati basi, za maselo ndi mabakiteriya ndathana nazo. Mnzanga wina anachita kundiseka. "Aise, kuphika mpaka kupitira kusukulu? Amayi ako sanakuphunzitse?"

Patatha miyezi ingapo anatitumiza kukaphunzira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale usiku thukuta limangotsika. Tsiku lina alendo anadya pang'ono, mpunga n'kutsala theka la poto wamkulu. Ndinali nditatopa, ndiye ndinangouvundikira n'kuusiya patebulo. Pajatu kwathu mkute timausunga choncho. M'mawa ndinaununkhiza, unali bwinobwino. Ndinaukazinga ndi mazira mpaka kutentha kwambiri, tinadya ogwira ntchito anayi. Isanakwane 12 koloko masana, atatu tinali tikusanza.

A shefu sanakalipe kwambiri. Anangoti, "Iwe, mpungawu ukanapatsa alendo, bwenzi pano tikukamba zina. Khala pansi, tenga cholembera."

Zimene anandilembetsa tsiku limenelo ndi izi. M'dothi mumakhala bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, ndipo amapezeka kawirikawiri mumpunga wosaphika. Zinthu zikamuvuta amadzitsekera m'kachikopa kolimba, kamene m'kalasi mumakatcha spore, moti madzi owira samupha. Mpunga ukayamba kuzizira amadzuka n'kuyamba kugawikana. Mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda amachulukana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo khitchini ya ku Mangochi mu Okutobala ili m'kati mwenimweni mwa manambala amenewo.

Tawerengetserani nokha. Pamalo abwino bakiteriya mmodzi akhoza kugawikana pa mphindi 20 zilizonse. Pakatha ola limodzi akhala 8. Pakatha maola 7 akhala 2,097,152. Poto wanga anakhala patebulo usiku wonse, ndipo sanayambe ndi bakiteriya mmodzi ayi.

Mwina mukuti, nanga si unaukazinga? Inenso ndinafunsa zomwezo. Vuto ndi lakuti Bacillus cereus akamachulukana amatulutsa poizoni amene sawonongeka ndi kutentha kwa pamoto wophikira. Ukakazinga ukhoza kupha mabakiteriyawo, koma poizoniyo amatsala momwemo. Sanunkha, saoneka, ndipo sasintha kukoma. Munthu amayamba kusanza pasanathe maola 6.

N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Chotentha chizikhala pamwamba pa madigiri 60, chozizira chizikhala pansi pa madigiri 5, ndipo pophika nyama, nkhuku kapena nsomba, m'kati mwake mufike madigiri 70. Ku khitchini ya hotela mpunga wotsala amauyala m'mathireyi osaya kuti uzizire msanga, kenako amaulowetsa mufiriji. Mupoto wamkulu wovundikira, pakati pamakhala pofunda kwa maola ambiri, kumene kuli ngati kuwafunditsa bulangete mabakiteriyawo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona sayansi paliponse m'khitchinimo. Matabwa odulirapo anali amitundumitundu: lofiira la nyama yaiwisi, labuluu la nsomba, lobiriwira la masamba. Poyamba ndinkayesa n'zokongoletsa, koma cholinga n'chakuti tizilombo ta pa nkhuku yaiwisi tisafike pa saladi amene sadutsa pamoto.

Chemistry nayo ili pomwepo. Munadzifunsapo chifukwa chake chambo chokazinga chimafiira ndi kununkhira, pamene chowiritsa chimakhala chotuwa? Katswiri wina wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza zimenezi mu 1912. Ma amino acid a m'chakudya amalumikizana ndi shuga n'kupanga mtundu wofiirira uja ndi fungo lokoma. Zimenezi zimachitika mofulumira kutentha kukafika cha m'ma madigiri 140, pamene madzi owira sapitirira 100. Ndiye shefu wodziwa ntchito amayamba wapukuta nsomba asanaiike m'mafuta. Mandasi ndi buledi nazonso zimafufuma chifukwa yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umakodwa mumtanda.

Masamu sungawathawenso. Ngati muyezo wa zophikira ndi wa anthu 10 koma paukwati pakubwera anthu 85, chilichonse uchulukitsa ndi 8.5. Uyeneranso kudziwa kuti mbale imodzi yadya ndalama zingati, apo ayi ugulitsa moluza tsiku lonse uku ukumwetulira.

Si ophika okha. Woperekeza alendo ku Cape Maclear amafunsidwa za mbuna, tinsomba tamitundu yowala timene tinathandiza kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mlendo akafunsa chifukwa chake nsomba zaikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kungomwetulira sikukwanira.

Ngati ntchito zimenezi zikukusangalatsani, njira zilipo. Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa zophika, kuperekera chakudya, kulandira alendo ndi kusamalira zipinda, ndipo ku Blantyre ili ndi hotela yophunzitsiramo ya Alendo. Mzuzu University imapereka madigiri a zokopa ndi kusamalira alendo. Palinso masukulu a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Musanalipire kulikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, ndipo funsani ngati ophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito m'khitchini yeniyeni. Satifiketi yopanda maola a pamoto sikufikitsani patali.

Ine nditabwerera kusukulu ndinachita kubwereka buku la Biology la mng'ono wanga, lomwe lija ndinkalithawa. Inuyo mukadali nawo aphunzitsi oti muwafunse. Madzulo ano mpunga ukatsala kwanu, onani nthawi imene wachoka pamoto, muwerengetse maola mpaka m'mawa. Ngati firiji palibe, auzeni akunyumba kuti ndi bwino kuphika wokwanira kudya nthawi imodzi.