Tinyenyezi ta pa WhatsApp ndi ntchito yanga

Nditapita kumudzi kwa Kanduku nyengo ya manachesi, amalume anasuzumira pa laputopu yanga tili pakhonde. "Mphwanga, amati umalemba mabuku a makompyuta. Nanga tinyenyezi ndi timizere tambweeti n'tachiyani?" Ndinapempha foni yawo, ndipo pa WhatsApp ndinalemba mtengo wa dengu la manachesi, kanyenyezi kumayambiriro, kena kumapeto. Titatumiza, tinyenyezi tija tinazimiririka, mawu n'kutuluka onenepa, akuda bii. "Ntchito yanga ndi yomweyi, amalume," ndinatero.

Ndimalemba malangizo othandiza anthu opanga mapulogalamu. Timalemba mawu wamba, n'kumaika zizindikiro zouza makina kuti apa ndi mutu, apa ndi chitsanzo. Kalembedwe kotchuka ndi Markdown, kamene John Gruber anatulutsa mu 2004. Chizindikiro cha # kutsogolo kwa mzere chimausandutsa mutu. Tinyenyezi tiwiri uku ndi uku timanenepetsa mawu, koma kamodzi kamangowapendeketsa, mosiyana ndi pa WhatsApp. Mabuku a chilankhulo cha Python amalembedwa mu reStructuredText, ndipo pulogalamu ya Sphinx ndi imene imawasandutsa masamba a pa intaneti.

Zonenepetsa mawu n'zazing'ono. Pamene pagona nkhani ndi pa chitsanzo chimene wowerenga ati akopere n'kupatsa kompyuta yake. Mu Markdown, chitsanzo chotere timachitchingira mpanda ndi tizizindikiro titatu totchedwa backtick, pamwamba ndi pansi. Zimene zili mkati mwa mpandawo makina sazikhudza: sawongola mzere, sachotsa mpata. Mu Python, mipata ya kumayambiriro kwa mzere ili ndi tanthauzo, imasonyeza kuti lamulo ili lili pansi pa lija. Ikasokonekera, pulogalamu imakana kuyenda, kapena imayenda n'kupereka yankho lolakwika, zimene zili zoopsa kwambiri.

Ndinaziphunzira mowawa. Tsiku lina ndinatumizira wophunzira chitsanzo chopanda mpanda, chosindikiza mawu akuti ng'ombe. Pulogalamu yolembera makalata inapinda tizizindikiro togwira mawu kuti tioneke bwino, ndipo Python inatikana. Mtsikanayo atatiwongola, vuto lina linabuka: kachizindikiro ka pakati pa ng ndi ombe n'kofanana ndi kotsekera mawu, choncho kompyuta inaganiza kuti mawu athera pa ng. Anakhala usiku wonse akudziona ngati mbuli, pamene wolakwa ndinali ine. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ambiri amasiya kuphunzira pa tinthu ngati timeneti, bandulo itatha, wowafunsa palibe.

N'chifukwa chake chitsanzo chilichonse ndimachikopera kuchokera patsamba lomalizidwa, n'kuchiyesa ndekha ndisanachitulutse, ndipo ndimaikamo dala mawu athu monga ng'ona ndi m'mudzi. Madzulo a tsiku lija kwa Kanduku, amalume anatumizira wogula wa ku Blantyre mtengo wa manachesi awo, atauika pakati pa tinyenyezi tiwiri.