Chitsa Sichinafe: Maso Ogona a Mtengo

Ku Japan kuli luso lakale lotchedwa bonsai. Anthu amalera mtengo weniweni m'kambale, ndipo umakalamba uli wamfupi kosafika ndi m'chiuno momwe. Mwini lusoli amadalira maso ogona amene amabisala m'khungwa. Maso otere nafenso timawadziwa, pakuti ndiwo timayang'ana pa nzimbe kapena pa mtengo wa chinangwa tisanabzale.

Nanga amagoneranji? Nsonga ya nthambi imatumiza m'munsi mankhwala achilengedwe otchedwa auxin, amene amaletsa masowo kuphuka. Akatswiri awiri, Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, adatsimikiza zimenezi mu 1933. Nsonga ikadulidwa chiletso chimachoka, maso aja nkudzuka. Nchifukwa chake wolera bonsai amatsina nsonga kuti nthambi zituluke pamene iye akufuna.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Nkwazi mu Ndola, kumene mabanja ambiri timaphika pa mbaula. Thumba lililonse la makala limasiya zitsa m'nkhalango za miombo, koma chitsa cha mutondo sichikhala chitafa. Maso ake ogona, mothandizidwa ndi mizu yakale, amatulutsa mphukira zokula msanga kuposa mbande yochokera ku njere. Abemba pa ulimi wa chitemene ankasadza nthambi nkusiya thunthu kuti liphukenso. Bulugamu nayenso amaphuka akadulidwa, pamene paini wamkulu kawirikawiri saphukanso.

Mdani wa mphukira ndi moto. Kuno ku Ndola komwe, akatswiri a zankhalango adayamba kuyesa moto pa timinda ta miombo mu 1933, ndipo Colin Trapnell adafalitsa zotsatira zake mu 1959. Kumene ankatentha chaka ndi chaka chilimwe chitafika pachimake, miombo idatha pang'onopang'ono. Kumene ankatentha msanga, udzu usanaumitsitse, nkhalango idapitirira kukula.

Tsono, abale, m'mera mpoyamba. Tikamadula mtengo tidule mopendeketsa ndi chida chakuthwa, kuti madzi asakhazikike pachitsa. Tisasonkhe moto pazitsa. Mphukira zikachuluka tipatulire, tisiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndipo tiziteteze ku mbuzi. Mango kapena gwafa wokalamba pakhomo tisathamangire kumuzula: timusadze, timupatse nyengo imodzi ya mvula, tione ngati maso ake sadzuka.

Makala amene adzukulu athu adzaphikire ali m'zitsa zimene tikuziponda lero.