Cidindo Cimene Cisunga Ndarama za m'Lamya

Kale munthu wogwira nchito ku migodi, akafuna kutumiza ndarama kwao, ankapita ku positi, kapena ankapatsira mnzace wopita kumudzi kukapuma. Masiku ano mwamuna wa ku Kitwe kapena ku Chingola angotenga lamya yace ya m'manja, natsegula pulogramu ya Airtel Money kapena ya MTN, ndipo madzi asanawire pamoto amai ace ku Chikomeni, pafupi ndi nkhalango ya Lukusuzi ku dera la Lundazi, alandira uthenga wakuti ndarama zafika. Koma nanga lamya idziwa bwanji kuti pulogramu imeneyo ndi yeniyeni, si yonyenga yopangidwa ndi mbala?

Pulogramu ndiyo malangizo ambirimbiri olembedwa ndi amisiri, ouza lamya cocita. Amisiri akalemba, sapereka malangizowo kwa anthu monga momwe awalembera ai. Awatumiza ku kompyuta ina imene nchito yace ndi kumanga, monga Jenkins kapena GitHub Actions. Makina amenewa acita zonse okha motsatana, usana ndi usiku: asonkhanitsa zolembedwazo, aziyesa, azizimbaitsa, ndipo potsiriza aikapo cidindo.

Kuzimbaitsa

Mbala yocenjera ikhoza kutenga pulogramu, niiphwasula monga munthu aphwasula njinga, kuti ione m'mene ziwalo zalumikizirana. Ikapeza mau oonekera, monga akuti "yesa nambala yacinsinsi" kapena "tumiza ndarama", yadziwa pomwepo pamene iyenera kuboola. Cifukwa cace makina omanga asanduliza maina onsewo akhale a, b, c, nacotsa malangizo osagwira nchito. Lamya imvabe zonse, koma munthu wowerenga asokonezeka, monga mlendo amene akulu alankhula zining'a pamaso pace. Cida cochuka pa nchito imeneyi cinali ProGuard, ca Eric Lafortune wa ku Belgium. Kuyambira caka ca 2019 amisiri ambiri a Android agwiritsa cina ca Google cochedwa R8. Eni pulogramu asunga kaundula wa maina enieni, kuti cina cikabvuta adziwe pokonza.

Komabe kuzimbaitsa sikutseka khomo. Kungocedwetsa mbala, ndipo ya khama ikhoza kumasulira pang'onopang'ono. Cotero mmisiri wanzeru sabisa cinsinsi cacikuru m'kati mwa pulogramu ndi kukhulupirira kuti palibe adzaciona.

Cidindo

Cimene citseka khomo ndico cidindo. Kalata ya mfumu ikhulupirika cifukwa ca cidindo cace, ndipo pulogramu nayo iri cimodzimodzi, koma cidindo cace ncopangidwa ndi masamu. Nzeru imeneyi inaululidwa ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman m'caka ca 1976. Mwini pulogramu akhala ndi zifungulo ziwiri zapacibale: cina cacinsinsi codindira, cina capoyera coyesera. Makina omanga awerengera pulogramu yonse napeza nambala imodzi yaitari, imene isinthika ngakhale munthu atasintha lemba limodzi lokha, ndipo nambalayo aidinda ndi cifungulo cacinsinsi. Ndico cifukwa cace kudinda kukhala kotsiriza: cina ciri conse cikasinthidwa pambuyo pace, cidindo cafa.

Lamya ya Android ikana pulogramu iri yonse yopanda cidindo. Ndiponso pulogramu yatsopano ikabwera kudzalowa m'malo mwa yakale, lamya ilinganiza zidindo ziwirizo, ndipo zikasiyana iikana.

Tsono cifungulo cacinsinsi ndico cuma ceniceni. Wociba akhoza kudinda cinyengo cace nicioneka ngati coona. Pa cifukwa cimeneci saciika pamodzi ndi zolemba za amisiri, koma m'malo otsekedwa, m'mene makina omanga alowa pa mphindi yodinda yokha. Kuyambira mwezi wa August 2021, mapulogramu atsopano olowa m'sitolo ya Google Play asungitsa cifungulo cao kwa Google.

Khoswe pa mkhate

Cidindo cinena zinthu ziwiri zokha: amene anadinda ndi yemwe uja, ndipo katundu sanasinthidwe m'njira. Sicinena kuti za m'katimo nzabwino. Zimenezi zinaoneka mu December 2020, pamene kunadziwika kuti adani analowa m'makina omanga a kampani ya SolarWinds ya ku Texas, ku America. Sanabvutike ndi kupanga cidindo cabodza ai. Analowetsa malangizo ao m'pulogramu yochedwa Orion isanadindidwe, ndipo makina, posadziwa kanthu, anadinda zonse pamodzi. Ogula ofika ngati 18,000 analandira pulogramu yoipayo ndi mtima woyera, pakati pao maofesi akuru a boma la America. Khoswe anakhala pa mkhate. Kuyambira pamenepo amisiri ambiri alonda makina omanga monga alonda cifungulo comwe, nalemba dzina la yense wokhudzako.

Cimene mwini lamya ayenera kucita

Pali mpata umodzi umene amisiri sangathe kutseka okha. Mbala ikhoza kupanga pulogramu yofanana nkhope ndi yeniyeni, niidinda ndi cifungulo cace ca iyo mwini. Lamya imene iribe pulogramu yeniyeni iribe cidindo colinganiza naco, ndipo mwini wace akabvomera, iilandira. Cotero munthu wosamala atenga pulogramu ya ndarama ku Google Play kapena ku App Store kokha, naona dzina la kampani imene yaipereka. Salandira yotumizidwa pa WhatsApp, ngakhale itacokera kwa mbale wace, pakuti mbaleyo angakhale ananyengedwanso. Lamya ikamcenjeza kuti pulogramu yacokera kosadziwika, sakakamiza. Pulogramu yatsopano ikaturuka m'sitolo, aiika msanga, popeza kawirikawiri ibwera kudzatseka ziboo zimene zapezeka.

Nambala yacinsinsi nayo ndi cifungulo ca mwini lamya, ndipo sauza munthu, ngakhale wodzicha wa ku kampani. Malipiro a mwezi wathunthu pansi pa mgodi, ndarama za feteleza ndi za sukulu za ana kumudzi, zonse zipita pa khomo limeneli. Nkhanga zinapangana kusanapse.