Kodi mumadziwa? Malipiro akwera, matumba achepa

Kodi mumadziwa kuti wantchito wa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma ankakwanitsa kugula chimanga chambiri mu 2021 kuposa mu 2024, chonsecho ndalama yake inakwera? Tiyeni tiwerengere m'matumba, monga achitira aliyense kwa Dzoole kuno ku Dowa. Mu 2021 malipirowa anali K50,000 pamwezi, ndipo mtengo woyambira womwe boma linaika pa chimanga unali K150 pa kilo. Thumba la makilo 50 linali K7,500, ndiye kuti matumba pafupifupi 7. Mu 2024 malipiro anafika K90,000, kilo n'kufika K650, thumba K32,500. Matumba 3 osakwana! Umenewutu ndi mtengo wa nthawi yokolola. Wa mavenda pa Mponela mu February, nkhokwe zili mbee, tisautchule n'komwe.

Mwina muti ndiye mlimi anasimba lokoma. Mlimi uti? Amene amagulitsa mu May kuti abweze ngongole ndi yemweyo amakagulanso mu January. Phindu limatsalira wa mpamba, wokhoza kusunga matumba miyezi isanu ndi itatu. Feteleza wa makuponi wa AIP nayenso sanadikire munthu: thumba linali K4,495 mu 2020, pofika 2022 linali K15,000.

Kodi mumadziwa kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Dola imodzi inachoka pa K1,180 kapena chapompo kufika K1,700. Izi zinadza pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Chikwapuchi sichiwawa mofanana. Fodya ku okushoni ya ku Kanengo amagulidwa pa mtengo wa madola, choncho mwini mabelo amapezako pothawira. Wantchito wake, yemwe anapangana za makwacha mvula isanagwe, amalandira zomwe zija basi, pamene sopo ndi mchere zathawa kale.

Kodi mumadziwa kuti lipoti la bungwe la Oxfam la mu 2015 linayeza phompho la pakati pa olemera ndi osauka m'Malawi muno? Tigawe Amalawi m'magulu khumi ofanana. Cha mu 2004, gulu lapamwamba linkagwiritsa ntchito ndalama zoposa za gulu lapansi maulendo 22. Pofika 2011 anali maulendo 34. Zodabwitsa n'zakuti zaka zimenezo n'zomwe tinkanyadira kuti chuma cha dziko chikukula ndipo chimanga chasefukira.

Nanga izi: kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 83 peresenti mu 1995. Kwacha ikamatha mphamvu, ndalama za pepala zimakula: ya K1,000 inatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022.

Kodi mumadziwa kuti ku Dowa konkuno kunayesedwapo njira yoti ndalama izithamanga limodzi ndi mtengo wa chakudya? Pa njala ya 2006 mpaka 2007, bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama kwa mabanja ovutika m'dera lina la bomali, ndipo mwezi uliwonse ndalamayo inkasintha molingana ndi mtengo wa chimanga pamsika komanso kukula kwa banja. Chimanga chikakwera, thandizo linkakweranso, chikatsika, linkatsika. Malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba sayenda choncho, amadikira nduna ilengeze, nthawi zina zaka zitatu, monga zinachitikira kuchokera 2021 mpaka 2024.

Anthu a ganyu anaitulukira kale nzeru yomweyo popanda bungwe lililonse. Kafunseni mayi wopalira kapena kubandira m'munda mwa eni m'mwezi wa January ngati akufuna makwacha kapena chigoba cha chimanga. Ambiri amaloza chigoba, chifukwa sichichepa pakati pa m'mawa ndi madzulo. Koma chaka cha njala ofuna ganyu amachuluka kuposa minda, ndipo mwini munda amangotalikitsa ndime, chigoba chikhale chomwecho.